Akavalo a ku Morong ndi amuna amene anawakwera

FUNSO

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale ina kuno ku Zomba. Mwana wina wa Fomu 4 wabwera ndi nkhani imene waiona pa kanema, yoti asilikali omaliza padziko lonse kuthira nkhondo ali pa akavalo anali a dziko la America, mu 1942, koma nkhope zawo sizinali za azungu. Nditafunsafunsa ndamva kuti anali Afilipino. Kodi nkhaniyi ndi yoona? Ndipo ngati ndi yoona, anthu amenewa ankafera chiyani, poti America yemweyo ndi amene anali mtsamunda wawo? Agogo anga anapita ku Burma ndi gulu la asilikali la KAR, anabwerako ndi mendulo ndi chifuwa basi. Kodi Afilipinowa zinawathera bwino kuposa agogo athu?

Mphunzitsi, Zomba

YANKHO

Aphunzitsi, mwana wanuyo muyamikireni, koma nkhani yake ili ndi pofunika kuwongola. Zoti asilikali a gulu la 26th Cavalry anathamangira adani ali pamsana pa akavalo n'zoona. Zinachitika pa 16 Januwale 1942 m'mudzi wa Morong, kugombe lakumadzulo kwa Bataan, pa chilumba cha Luzon. Kunali komaliza m'mbiri ya asilikali a America okha, osati padziko lonse. Mu Ogasiti chaka chomwecho asilikali a Italy mazana angapo, a gulu la Savoia Cavalleria, analowerera asilikali a Soviet Union pafupi ndi mtsinje wa Don, malupanga ali m'manja. A ku Morong analipo 27 ndi lefutenanti wawo mmodzi, mzungu, dzina lake Edwin Ramsey, ndipo m'manja mwawo munali mfuti zazing'ono.

Kwa ine za ku Morongzo ndi kachidutswa kakang'ono pa ntchito ya gulu limeneli. Ntchito yeniyeni anaigwira masabata atatu izi zisanachitike, ndipo opanga makanema saikonda chifukwa inali yobwerera m'mbuyo. Tifikako. Funso lanu lachiwiri likufuna kuti tiyambire kumene anthuwa anachokera.

Philippines analamulidwa ndi Spain zaka zoposa 300. Mu 1898 Emilio Aguinaldo ndi anzake analengeza ufulu, koma chaka chisanathe Spain anagulitsa zilumbazo kwa America pa mtengo wa madola 20 miliyoni, eni nthaka osafunsidwa. Mu 1899 nkhondo inabuka pakati pa Afilipino ndi mbuye watsopanoyo. Asilikali a America, poona kuti sadziwa madambo, mapiri ndi zilankhulo za kumeneko, anayamba kulemba ntchito eni dziko, makamaka a m'tauni ya Macabebe m'chigawo cha Pampanga, amene anali atatumikirapo kale Spain. Ndi amenewa amene anathandiza kugwira Aguinaldo mwachinyengo ku Palanan mu Malichi 1901, atadzionetsa ngati anzake obwera ndi akaidi. Chaka chomwecho gulu la Philippine Scouts linakhazikitsidwa ngati nthambi ya asilikali a America. Chiyambi chimenechi inu a ku Zomba simungachidabwe. KAR nayo inabadwira m'nkhondo zogonjetsa eni dziko, ndipo asilikali ake akuda analipo pamene boma linkathana ndi anthu a John Chilembwe ku Mbombwe mu 1915.

Gulu la 26th Cavalry linapangidwa mu 1922 ku Fort Stotsenburg, ku Pampanga komweko. Okwera akavalo, makopolo ndi masajeni anali Afilipino, mabwana ambiri anali azungu. Malipiro a msilikali wamba sankafika ngakhale theka la a mzungu wa udindo womwewo, ndipo eni ake sanali akhungu pa zimenezi. Mu Julayi 1924 asilikali a Scouts ku Fort McKinley, pafupi ndi Manila, anakana kupita kuperete pofuna malipiro ofanana. Oposa 200 anazengedwa mlandu kukhoti la asilikali, kuchotsedwa ntchito ndi kuponyedwa m'ndende. Malipiro sanasinthe. Ngakhale Vicente Lim, Mfilipino woyamba kumaliza maphunziro pa sukulu yotchuka ya asilikali ya West Point mu 1914, lamulo linkangomulola kutumikira mu Scouts basi.

Komabe achinyamata ankalimbirana malo. Kwa mwana wa mlimi wolima mpunga kapena nzimbe pamunda wa mwini wake, ntchito ya Scouts inkatanthauza ndalama mwezi ndi mwezi, chakudya, chipatala ndi penshoni kuukalamba. Munthu ankakhala m'gulu limodzi zaka 20 kapena 30, mwana n'kulowa m'malo a bambo ake, mabanja akukhala m'midzi ya m'mphepete mwa kampu. Zotsatira zake zinali asilikali odziwa ntchito kwambiri. Mabwana achizungu ankabwera, kukhala zaka ziwiri kapena zitatu, n'kubwerera kwawo. Amene ankadziwa kavalo aliyense ndi njira iliyonse ya ku Luzon anali masajeni. Ramsey uja anapempha yekha kutumizidwa ku 26th mu 1941 atamva kuti kuli timu yabwino ya masewera a polo.

Apa pali chinthu choti muchigwiritse, chifukwa chidzabweranso pa nkhani ya malipiro. Pofika 1941 ku Philippines kunali magulu awiri a asilikali a Chifilipino. A Scouts, pafupifupi 12,000, mayina awo anali m'kaundula wa asilikali a America. Enawo, ochuluka kwambiri, anali a boma la Commonwealth la Pulezidenti Manuel Quezon, limene linayamba mu 1935 pokonzekera ufulu. Amenewa anali anyamata ochokera kumidzi ophunzitsidwa miyezi yochepa, ena osawomberako mfuti n'kamodzi komwe, ovala nsapato zansalu ndi zipewa za makoko a kokonati, onyamula mfuti zotsala pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. M'magulu ena bwana ankalankhula Tagalog, asilikali ake akulankhula Ilocano kapena Visayan, osamvana. Pa 26 Julayi 1941 Pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamulo loika onsewa pansi pa ulamuliro wa America, mtsogoleri wawo ali Douglas MacArthur.

Nkhondo inafika pa 8 Disembala 1941, patangopita maola ochepa Pearl Harbor ataphulitsidwa. Dzuwa lili paliwombo, ndege za Japan zinapeza ndege za America zili pansi pa bwalo la Clark, limene linagundizana ndi Fort Stotsenburg. Pafupifupi theka la mphamvu ya MacArthur ya mumlengalenga linatha tsiku limodzi. Kuyambira pamenepo wokwera kavalo aliyense woyenda masana ankayenda maso ali kumwamba.

Pa 22 Disembala Kazembe Masaharu Homma anatsitsa asilikali oposa 40,000 pagombe la Lingayen, kumpoto kwa Manila. Anyamata a Commonwealth amene anaikidwa kulondera gombelo, ambiri anamwazika atangoona akasinja, ndipo sindingawaweruze, poganizira zimene anapatsidwa m'manja. Jonathan Wainwright, mtsogoleri wa asilikali a kumpoto kwa Luzon, nayenso wokulira pa akavalo, anali ndi gulu limodzi lokha lodalirika pafupi. Anatumiza 26th Cavalry, amuna pafupifupi 800 pansi pa Clinton Pierce, ena atabalalitsidwa kale kukalondera malo osiyanasiyana.

Anakumana ndi Ajapani ku Damortis, pamene msewu wa kugombe umakhotera kumtunda. Anawomberedwa ndi ndege, akasinja ndi mizinga ya m'sitima zapamadzi nthawi imodzi, koma anagwira malowo maola angapo. Zoopsa zinachitika usiku. Akasinja ochepa a America amene ankawatchinjiriza anachoka, ndipo mumdima akasinja a Japan analowa pakati pa mzere wa okwera akavalo pamsewu wopita ku Rosario, okwerawo akuyesa kuti ndi anzawo. Msewu unali wopanikizika, uku ndi uku kopanda pothawira. Akavalo anabalalika, okwera kugwa ndi kupondedwa. Chimene chinapulumutsa otsalawo ndi galimoto ya dokotala wa ziweto. Meja Thomas Trapnell ndi dokotalayo anaiimika pakati pa mlatho wamatabwa, kuithira petulo n'kuiyatsa, zipolopolo zikuwadutsa m'makutu.

Patapita masiku awiri, pa 24 Disembala, gululo linali ku Binalonan, litatsala ndi amuna osapitirira 450. Mbandakucha akasinja a Japan anatulukira, asilikali oyenda pansi ali pambuyo. A 26th analibe mfuti ngakhale imodzi yoboolera kasinja. Anali ndi mfuti zawo za Garand, zachiwaya zochepa, mabomba apamanja ndi mabotolo odzaza petulo. Anaimitsa akasinjawo, kupha ambiri mwa oyenda pansi, mpaka kubwezako nkhondo. Wainwright anafika pamalopo kudzafuna gulu lina lalikulu limene linayenera kukhalapo, n'kupeza kuti linachoka kale, kwatsala okwera akavalo okha. Anakhalabe mpaka chakumadzulo, kenako anabwerera mwadongosolo kuoloka mtsinje wa Agno, ovulala awo atawanyamula.

Mungafunse kuti phindu lake linali chiyani, poti pamapeto anabwererabe m'mbuyo. MacArthur anali atasintha maganizo tsiku lapitalo. Anasiya zoteteza magombe n'kulamula kuti asilikali onse a ku Luzon alowe ku Bataan, mtunda wamapiri ndi nkhalango wolowa m'nyanja kutsidya kwa doko la Manila. A kumwera anayenera kudutsa Manila, kuoloka milatho ya Calumpit, n'kulowa Bataan Ajapani ochokera kumpoto asanatseke njira. Akanachedwa ndi tsiku limodzi, bwenzi nkhondo ya Philippines itatha chaka cha 1942 chisanayambe n'komwe. Ntchito ya 26th inali ngati ya mbusa woima pakhomo pa khola fisi ali pafupi, kudikira kuti ng'ombe yomaliza ilowe. Milatho ya Calumpit inaphulitsidwa m'mawa wa pa 1 Januwale onse ataoloka. Usiku wa pa 5 Januwale okwera akavalo anali m'gulu la omaliza kuoloka mlatho wa Layac, pakhomo penipeni pa Bataan, ndipo tsiku lotsatira atatsekeredwa njira anachita kudzera m'mapiri.

Ku Bataan kunalowa asilikali pafupifupi 80,000 ndi anthu wamba othawa nkhondo 26,000. Chakudya chinali chisanasamutsidwe, chifukwa MacArthur anali atachipititsa kufupi ndi magombe amene ankati awateteza. Nkhokwe yaikulu ya mpunga ku Cabanatuan inasiyidwa chonchobe. Njala ya ku Bataan, m'kuona kwanga, inayambira pa tebulo la akuluakulu Ajapani asanazinge n'komwe. Sabata yoyamba yomweyo chakudya cha msilikali chinadulidwa pakati.

Ndiye za ku Morong. Ajapani ankatsika ndi gombe lakumadzulo, ndipo Wainwright anafuna kuti mudziwo ugwidwe iwo asanaoloke mtsinje wa Batalan. Ramsey anali atangobwera kumene kuchokera kokazonda, amuna ali otopa, akavalo ali nthiti zokhazokha, koma poti ankadziwa njira anatumidwa kutsogola. Morong unali mudzi wa nyumba zaudzu zomangidwa pansanja ndi tchalitchi chamiyala pakati. Atalowa anapeza kuti gulu lotsogola la Ajapani lafika kale, ndipo ena ambiri akuoloka mtsinje. Kubwerera kukanakhala kupereka misana ku zipolopolo. Anawathamangira akufuula ndi kuwombera. Ajapani, amene sankayembekeza akavalo, anathawira m'madambo. Okwerawo anatsika, n'kugwira mudziwo mpaka anzawo atafika. Kuthamanga kwenikweniko kunatenga mphindi zochepa, ndipo Morong anagwabe m'manja mwa Ajapani masiku otsatira.

Ramsey analandira mendulo ya Silver Star, anadzatsogolera nkhondo yam'tchire ku Luzon, analemba buku, ndipo anamwalira mu 2013 ali wotchuka. Anali wolimba mtima, palibe wotsutsa. Koma mukawerenga nkhani zambiri za tsiku limenelo mupeza dzina lake, mwinanso la kavalo wake, pamene amuna amene anali kumanja ndi kumanzere kwake akungotchulidwa kuti 27. Pa mamendulo atatu apamwamba kwambiri, a Medal of Honor, amene anapita ku magulu a Scouts ku Bataan, awiri analandira ndi mabwana achizungu. Wachitatu anali Jose Calugas, sajeni woyang'anira khitchini m'gulu la mizinga la 88th. Ataona kuti mzinga wa gulu lina waleka kulira, oombera ake ataphedwa kapena kuvulala, anathamanga pafupifupi kilomita imodzi pamtetete mabomba akugwa, n'kusonkhanitsa odzipereka, mzingawo n'kuyambanso kulira. Palibe anamutuma.

Akavalo aja mathero awo anali mumphika. Msipu kunalibe. Anthu anali atadya kale njati zoweta za alimi, anyani, ng'azi ndi njoka. Pofika pakati pa Malichi akavalo 250 ndi nyulu 48 za gululo zinali zitaphedwa kuti asilikali adye, ndipo Wainwright anapereka wakenso. Amuna amene anakhala zaka akupesa ndi kumwetsa nyama zimenezi anapitiriza nkhondo wapansi. Kwinini anatha, malungo ndi kamwazi zinagwetsa anthu ochuluka kuposa zipolopolo, miyendo ikutupa chifukwa chosowa zakudya. MacArthur anachoka pa 11 Malichi kupita ku Australia molamulidwa ndi Roosevelt. Thandizo limene asilikali ankauzidwa kuti lili m'njira kunalibe, chifukwa America ndi Britain anali atagwirizana kale kuti ayambe athana ndi Germany.

Ajapani anayamba nkhondo yomaliza pa 3 Epulo, Lachisanu Loyera, pa phiri la Samat. Pa 9 Epulo Kazembe Edward King anapereka m'manja mwa adani asilikali pafupifupi 75,000, mwa iwo a ku America ngati 12,000, otsala onse Afilipino. Homma anapatsidwa masiku 50 kuti atenge Luzon; zinamutengera miyezi inayi, ndipo chilumba cha Corregidor chinagwa pa 6 Meyi. Ena amati kuchedwa kumeneku kunapulumutsa Australia. Ine sindipita nawo kutali choncho, poti Singapore ndi Java zinagwa pa nthawi yake Bataan akadalimbabe. Chimene kunachita n'chakuti m'miyezi imene atsamunda onse a ku Asia ankathawa liwiro la mtondo wadooka, malo amodzi amene anakana kugwa msanga anagwiridwa kwakukulu ndi eni dziko.

Ulendo wa akaidi umene unatsatira ndi wodziwika. Anayenda wapansi makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Mariveles mpaka San Fernando, mu Epulo, mwezi wotentha kwambiri kumeneko. Wopatuka kukamwa pachitsime ankabayidwa, wogwa ankamalizidwa. Anthu a m'midzi ankaponya mpunga wokulunga m'masamba a nthochi ndi nzimbe, ena kubisa othawa, akudziwa chimene chingawachitikire. Ku San Fernando anawathithikiza m'mabogi otseka a sitima mpaka Capas, ndipo njanji imeneyo imadutsa pafupi ndi Fort Stotsenburg, kwawo kwa amuna a 26th. A ku America amene anafa panjira anali mazana angapo, Afilipino anali zikwi. Ku kampu ya O'Donnell kunafanso Afilipino oposa 20,000 m'miyezi yochepa. Otsala anayamba kumasulidwa chapakati pa 1942 atasaina kuti sadzagwiranso mfuti, ndipo ambiri atangochira analowa m'tchire. Kagulu kena ka 26th, kamene kanatsekeredwa kumapiri a kumpoto mu Disembala pansi pa Kaputeni Ralph Praeger, sikanafike n'komwe ku Bataan. Kanayamba nkhondo yobisalira nthawi yomweyo.

Tsono ankafera chiyani? Mbali ina yankho ndi lomwe agogo anu akanapereka. Inali ntchito, analumbira, sajeni anali kuyang'ana, mnzako ali pambali pako ndipo sungamusiye. Msilikali wa zaka 20 m'gulu limodzi safunsa za ndale akasinja akatulukira. Koma pali kusiyana kuwiri kwakukulu. Agogo anu anakwezedwa sitima kupita kudziko limene anali asanalimvepo, kukamenyana ndi anthu amene sanaopsezepo mudzi uliwonse wa kuno. Wa ku 26th mabomba oyamba anagwa pafupi ndi nyumba imene munali mkazi wake ndi ana. Chachiwiri, tsiku la ufulu wa Philippines linali litalembedwa kale m'lamulo la Tydings-McDuffie la 1934. Mtsamunda wakale anali atamanga kale katundu wake, ndipo wobwerayo sanaonetse kuti adzachoka. Nyasaland mu 1942 analibe lonjezo lotere.

Si Afilipino onse amene anaona choncho, ndipo ana anu ayenera kumva zimenezinso. Artemio Ricarte, kazembe wakale wa Aguinaldo amene anakana moyo wake wonse kulumbira kwa America, anabwerera kwawo pamodzi ndi Ajapani. Jose Laurel anavomera kukhala pulezidenti wa boma limene Japan anakhazikitsa mu Okutobala 1943. Alimi a pakati pa Luzon anapanga gulu lawolawo la Hukbalahap mu Malichi 1942, lotsogoleredwa ndi Luis Taruc, lomenyana ndi Japan koma losafuna kubwerera kwa eni minda akale. Quezon weniweniyo, ali kuphanga la ku Corregidor mu Febuluwale 1942, atatopa ndi malonjezo, anapempha Roosevelt kuti apereke ufulu nthawi yomweyo, asilikali a mbali zonse achoke, dziko lake lisakhale bwalo la nkhondo ya eni ake. Roosevelt anakana. Chimene chinakankhira anthu ambiri kumbali imodzi ndi khalidwe la asilikali a Japan eni ake: makofi pamsewu kwa wosawerama, kulanda mpunga, kuzunza anthu m'ndende ya Fort Santiago, ndalama zapepala zopanda ntchito. Pomaliza, pa nkhondo yolanda Manila mu Febuluwale 1945, anthu wamba pafupifupi 100,000 anafa.

Tibwere ku funso lanu lomaliza, ngati zinawathera bwino. Yankho likudalira kaundula amene dzina la munthu linalembedwamo.

Amuna a 26th Cavalry ndi a Scouts ena olembedwa nkhondo isanathe anali asilikali a America mwalamulo. Amene anapulumuka anali ndi ufulu wa penshoni ndi chithandizo cha asilikali opuma, ndipo ambiri anatenga unzika. Calugas anapulumuka ulendo wa akaidi uja, analandira mendulo yake mu 1945, anakakhala ku Tacoma ndi kugwira ntchito ku kampani ya ndege ya Boeing, n'kumwalira mu 1998. Amenewa, inde, zinawathera bwino kuposa agogo anu. Asilikali a kuno amene anali mu 11th East African Division anayenda m'chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944, mvula ili pakati, m'matope ndi malungo, kuthamangitsa Ajapani omwewo. Pobwerera, ndalama yothokoza imene Britain anapereka inawerengedwa potengera khungu: msilikali wamba wachizungu mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, wakuda atatu ndi theka.

Koma a Scouts anali ochepa. Afilipino amene anamenya nkhondo pansi pa mbendera ya America anali ngati 250,000, kuphatikiza a Commonwealth ndi a m'tchire ovomerezeka, ndipo amenewa America anawagwiritsa fuwa lamoto. Mu Febuluwale 1946, patatsala miyezi isanu kuti dzikolo lilandire ufulu pa 4 Julayi, nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa lamulo lotchedwa Rescission Act. Linati utumiki wawo usawerengedwe ngati utumiki wa usilikali wa America pa nkhani ya maufulu a asilikali opuma, kupatula zochepa za olumala ndi amasiye. M'malo mwake boma la Philippines linalonjezedwa madola 200 miliyoni. Pulezidenti Harry Truman anasaina, uku akunena yekha kuti udindo wa America kwa anthuwa sunathe. Panalinso lamulo la 1942 lolola asilikali achilendo kutenga unzika mosavuta, koma chakumapeto kwa 1945 mkulu amene ankalumbiritsa anthu ku Manila anamulanda mphamvuzo kwa miyezi 9, nthawi ya lamulolo ikutha.

Taganizani amuna awiri a m'mudzi umodzi ku Pampanga, amene anagona m'dzenje limodzi ku Bataan, kudya kavalo mmodzi, kuyenda msewu umodzi wa ku San Fernando. Wina analembedwa ku Stotsenburg mu 1938, wina anaitanidwa ndi boma la Quezon mu 1941. Woyamba ndi msilikali wopuma wa America. Wachiwiri, mwalamulo, sanatumikirepo. Chifukwa chake chinali ndalama basi: aphungu anawerengera kuti kulipira onse kudya mabiliyoni, ndipo anthu a dziko limene likudzilamulira mawa savota ku America.

Anakhala zaka makumi akudandaula. Lamulo la 1990 linatsegulanso khomo la unzika, ndipo nkhalamba zambiri zinasamukira ku California ndi Hawaii, kukakhala m'tizipinda tothithikana kudikira chithandizo. Ena anadzimangirira ndi maunyolo kumpanda wa White House mu 1997. Mu 2009, pansi pa Barack Obama, boma linapatula madola 198 miliyoni oti aliyense alandire kamodzi kokha: 15,000 kwa amene anali nzika za America, 9,000 kwa amene sanali. Ngakhale apa kaundula analekanitsabe anthu. Ndalamayo inali ya amoyo okha. Mkazi wa msilikali amene anamwalira lamulolo lisanabwere sanalandire kanthu. Mwa anthu oposa 40,000 amene anapempha, ovomerezedwa sanafike 20,000, ambiri okanidwawo chifukwa mayina awo sanapezeke pa mndandanda umene asilikali a America anautseka mu 1948 n'kukausunga ku St. Louis. Mendulo yagolide ya nyumba ya malamulo, yothokoza Afilipino onse a pa nkhondoyo, inaperekedwa mu Okutobala 2017, pamene mnyamata amene anali ndi zaka 18 ku Bataan anali atakwanitsa 93.